Kapu ya Mayi ku Phiri la Utsi

Ndinabadwira m'mbali mwa phiri lofuka utsi. Masiku ena tinkadzuka n'kupeza phulusa pamasamba a nthochi, azimayi n'kumapukuta miphika uku akulinyoza phirilo ngati mwamuna woledzera, koma palibe amene ankaganiza zosamuka. Nthaka inali yakuda ndi yachonde, ndipo akufa athu anagona m'kamsitu kakuseri kwa mudzi, komwe nkhwangwa sinkalowako. Dzina la mudziwo sindilitchula. Amene anaufafaniza sanandifunse, choncho dzinalo ndasunga ndekha.

Kwathuko maliro sankatha tsiku loika. Likafika tsiku lometa, mwana wa womwalirayo ankatenga kapu yomwe malemuwo ankamwera, n'kuiboola ndi msomali kuti wina asadzamwerenso, n'kukaiika chozondoka pamtumbira. Akabwerako, atsibweni ake ankamumeta mpala. Pamenepo ndiye kuti womwalirayo wadziwa nyumba yake yatsopano, ndipo amoyo amasuka. Munthu wosameta maliro sankakwatira, sankamanga nyumba, ankangokhala wapamaliro.

Mayi tinawaika m'chilimwe. Tsiku lometa lisanafike, kunabwera malole ndi anthu ovala zobiriwira. Anati phirilo tsopano ndi paki, malo a nyama ndi alendo, ndipo anthu achoke lero lomwe. Atsibweni anga, a Lufeyo, mlongo wawo wa mayi, anavula chipewa n'kupita kwa mkulu wa anthuwo.

"Bwana, tili pamaliro. Tiloleni timete kaye, kenako tikwera."

"Mukametera komwe mukupitako," anatero mkuluyo. "Mutu ndi womwewo, lumo ndi lomwelo."

Anthu ananyamula mphasa, mbuzi, zitseko. Ine ndinanyamula kapu ya mayi, yachitsulo, yoyera, yokhala ndi mzere wabuluu kukamwa. Msomali ndinauzula pachitseko cha nyumba yathu. Lole itayamba kutsika, ndinaona akukumba kale mayenje a mitengo ya mpanda wa waya. Mkwiyo unandilowa tsiku limenelo ndipo sunatulukenso. Suli wofuula ayi, umangokhala m'chifuwa n'kumadya nane.

Anatitsitsa kuchigwa, pamalo ouma pomera minga. Ine sindinakhalitsepo. Ndinayamba kuyenda mozungulira phirilo, waya ali kudzanja langa lamanzere, midzi ili kumanja.

M'mudzi wina wa pamiyala ndinaphunzira kusema mwala wokwechera kumapazi. Ndi mwala wopepuka, wa timabowo, womwe phiri linalavula kalekale, ndipo ukauponya m'madzi umayandama. Tinkaudula tizidutswa n'kukagulitsa kwa azimayi a m'tauni. Ndinaphunzira kuti phiri lathu ukhoza kuligulitsa pang'onopang'ono m'thumba, bola usalowemo. Tsitsi langa linakula, n'kupotana, n'kufika m'mapewa. Ana ankandithamangira akukuwa kuti Rasi, ena kuti wamisala.

Chilimwe chilichonse ine ndi atsibweni tinkakumana pachipata cha paki. Iwo ankabwera ndi lumo lawo lopinda m'thumba la jekete, ine ndi kapu. Mlonda ankasuzumira pawindo la kanyumba kake.

"Mukupita kuti, madala?"

"Kumanda, mwanangu."

"Manda ake ati? Muno muli nyama."

"Muli mlongo wanga."

"Nkhani zimenezo n'za kulikulu. Suntha apo, galimoto ikubwera."

Tinkasuntha, galimoto ya alendo n'kulowa, fumbi lake n'kutsalira ife. Atsibweni ankasasa chipewa n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewo ndinafika poudana nawo. Nkhono yake inali iti, yomwe yakhala zaka zonsezi osatulutsa maso?

Kenako ndinafika pamalo ena pomwe madzi amatuluka pansi akubwata. Kasupeyo anali kunja kwa waya, m'mbali mwa msewu wopita kuchipata, ndipo azimayi ankaphikiramo mazira. Amene anandiphunzitsa ntchito imeneyi anali Nangondo, mayi wamfupi, woseka ndi thupi lonse. Mazira timawaika m'kadengu, kadenguko timamangirira kunsungwi, n'kukaviika pomwe madzi akuchita thovu. Alendo ankaima, n'kujambula, n'kudya dzira lonunkha sulufule akuseka. Kumeneko ndiko ndinatola Chingerezi changa, chodukaduka, chokwanira kumva zomwe akunena za iwe.

Nangondo anandikonda, inenso ndinamukonda, sindibisa. Tsiku lina akusenda dzira anandiyang'ana kumutu.

"Inu, chisa chimenechi mudzachotsa liti? Kwathu sangakulandireni chonchi."

"Ndili pamaliro."

"Maliro ake omwe aja? Mayi anu anaola kalekale, bambo inu. Bwerani ndikumeteni ndekha, lezala ndili nalo."

"Si iwe wometa."

"Ndiye ine ndizidikira waya kuti achite dzimbiri?"

Anadikira ndithu, mvula zingapo. Kenako anakwatiwa ndi dalaivala wa galimoto za alendo, munthu wolowa ndi kutuluka pachipata chija tsiku ndi tsiku mluzu uli pakamwa. Nangondo sindinamukwiyire. Ndinakwiyira waya, ndinakwiyira mkulu wa zobiriwira uja, ndipo ngati n'kunena zoona ndinawakwiyirako ndi mayi omwe, chifukwa chomwalira sabata yolakwika.

Chaka china phiri linasanza. Linayamba ndi kubangula pansi, agalu n'kusiya kudya, kenako chiphalaphala chofiira chinatsika pang'onopang'ono mbali yomwe kunali mudzi wathu. Tinaima kuwaya masana dzuwa litabisika ndi phulusa, n'kumaonerera utsi ukukwera pomwe panali minda. A paki anati mwaona, tinakupulumutsani. Mwina n'zoona. Koma wokupulumutsa amakulola kukaona chomwe chatsala, ndipo iwo sanatilole. M'malo mwake alendo anachuluka. Phiri litadya mudzi wathu ndiye linatchuka.

Chilimwe chimenecho pawindo paja panali mlonda wina.

"Mukupita kuti, madala?"

"Kumanda, mwanangu."

"Muno simunakhalemo munthu chilengedwere. Werengani chikwangwani icho."

Atsibweni sankatha kuwerenga. Anangochiyang'ana chikwangwanicho nthawi yaitali, n'kuvala chipewa. Ndinaona kuti dzanja lawo layamba kunjenjemera, ndipo mantha anandigwira. Abale a mayi onse anali atatha. Dzanja lokhalo lomwe likanandimeta padziko lapansi linali limenelo.

Ndinapitirira mpaka m'tauni ina ya fumbi, ya msewu umodzi. Kumeneko wometa wina, a Yotamu, anandilemba ntchito yosesa tsitsi, kenako anandigwiritsa makina. Ankaseka mpaka kugwira nthiti.

"Taonani zodabwitsa, anthuni. Wometa wa tsitsi lofika m'chiuno. Iwe uli ngati wogulitsa nsapato woyenda chapansi."

Ndinameta mitu yambiri. Ndinameta akwati, ana a sukulu, apolisi, ngakhale alonda a paki omwewo akabwera kudzalandira malipiro. Mlonda akakhala pampando, khosi lake lili m'manja mwanga, lezala lili pakholingo, ndinkapuma pang'onopang'ono n'kumumeta bwinobwino, osamucheka ngakhale pang'ono. Ndinaphunzira kuti mkwiyo ukakhalitsa umalimbitsa dzanja. Ankabweranso anthu ochokera kumaliro, oti kwawo mwambo unatha, n'kunena kuti tangochotsani lonse, achimwene. Ankatuluka akusisita mpala, opepukidwa, ine n'kusesa chisoni chawo n'kukataya kudzala.

Mlonda wina ali pampandopo ndiye anandiuza, osadziwa kuti akundiuza kanthu. Anati masiku ano alendo akumayenda wapansi mpaka kukamwa kwa phiri, ndipo akusowa anthu onyamula zikwama. Ndinazimitsa makina. Zaka zonsezi ndinkapempha kulowa ngati mwana wa munthu, osadziwa kuti wosauka amalowa kwawo atasenza katundu wa mlendo.

Ndinakalembetsa ganyu yonyamula zikwamayo, n'kutumiza uthenga kwa atsibweni. Anabwera pa kabaza, atawamangirira ndi chitenje kwa wopalasayo kuti asagwe. Tinawakhazika pansi pa mtengo wa mthethe, kunja kwa chipata, pafupi ndi azimayi a mazira. Anandigwira malaya n'kundikokera pafupi.

"Ukalowa m'msitumo, ufune muwanga wong'ambika pakati. Ukauona, tembenukira kukamwa kwa phiri. Pamutu pa mayi ako ndinabzalapo nkhadze, pambali pa mwala woyera. Usakachedwe. Ine ndikhala pompano."

"Mukhala mpaka madzulo, atsibweni?"

"Ndakhala zaka, ndilephere tsiku?"

Pawindo panali mlonda winanso. Sanandifunse komwe ndikupita. Anangoyang'ana chikwama chofiira cha mlendo chomwe chinali pamutu panga n'kutsegula chipata. Kwa alendo ananena lamulo la m'pakimo, kuti chilichonse chomwe mwalowa nacho mutuluke nacho, musasiyemo kanthu.

Wotsogolera ulendowo anali Waisoni, bambo wa ndevu zometa bwino, wa Chingerezi chosalala. Ndinamuzindikira ndi makutu a kwawo. Anali mdzukulu wa a Nachisale, omwe nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu, ndipo pa tsiku la malole lija iye anali khanda la kumsana. Alendo anali ochepa. Pakati pawo panali mayi wina wachizungu, wa imvi, woyenda ndi ndodo ziwiri. Chikwama chofiiracho chinali chake. Anandipatsa moni ndi manja awiri, n'kundigawira madzi. M'chiuno anamangirira kathumba, ndipo akaona pepala la switi kapena chitsekerero cha botolo m'njira, ankawerama n'kutola. Ndinaganiza kuti ameneyu ndi munthu wabwino, ndipo mpaka lero ndimaganiza choncho, n'chifukwa chake nkhaniyi imandipweteka kwambiri.

Tinadutsa m'tchire la udzu wautali, mbawala zikutiyang'ana mosathawa. Kenako udzu unatha mwadzidzidzi ndipo tinaponda pa chiphalaphala chouma. Chinali chakuda, chokwinyika, chotambalala mpaka komwe maso amalekeza. Chinkalira pansi pa nsapato ngati mapale. M'ming'alu munkatuluka nthunzi yonunkha mazira ovunda, miyala ya m'mbali mwake itachita chikasu, ndipo kutentha kunkalowa m'mapazi. Kunalibe mbalame, kunalibe ntchentche. Ndinadziwa ndi mmene zitunda zinakhalira kuti tikuyenda pamwamba pa mudzi. Apa panali chitsime. Apa panali bwalo. Penapake pansi pa phazi langa panali chitseko chosowa msomali umodzi. Alendo ankajambula n'kumati kukongola.

Pakati pa mdima wa miyalawo panaima kamsitu kobiriwira, kokhakokha. Chiphalaphala chinafika pamenepo n'kugawikana, mbali ina kumanja, ina kumanzere, n'kukakumananso kumunsi. Phiri, lomwe tinkalinyoza m'mawa uliwonse, linawalambalala akufa athu.

Waisoni anaimitsa gulu pamthunzi kuti adye. Anatambasula dzanja n'kuyamba kufotokoza m'Chingerezi, mawu oti anawanenapo kambirimbiri. Anati msitu uwu ndi wachilengedwe, sunakhudzidwepo ndi dzanja la munthu, n'chifukwa chake mitengo yake ndi yaikulu chotere. Ndinatula chikwama n'kumukokera pambali.

"Iwe, Waisoni. Mitengoyi ndi yaikulu chifukwa kumanda sitidula mitengo. Agogo ako, amuna awo a Nachisale, ali pansi pa mkuyu uwo, pomwe mzungu wakhalira kudya bisiketi."

Anayang'ana uku ndi uku. "Tsitsani mawu, achimwene. Ine ndili pantchito."

"Makapu ali kuti? Pamtumbira uliwonse panali kapu."

"Anayeretsa kalekale. Ankati zinyalala zinali mbwee, mbale zobooka, makapu adzimbiri. Alendo ankadandaula."

"Ndipo iwe unakhala chete."

"Ndili ndi ana, achimwene."

Ndinafuna kumumenya. Dzanja linakana, chifukwa linali ndi ntchito ina. Ndinamusiya n'kulowa m'kati mwa msitu.

Mitumbira inali itaphwa, masamba ataikwirira, moti munthu sakanadziwa kuti apa pagona mfumu kapena khanda. Ndinapeza muwanga wong'ambika. Ndinatembenukira kukamwa kwa phiri. Nkhadze ija inali itasanduka mtengo wondipitirira, ndipo mwala woyera unali pomwepo, utamera ndere. Ndinagwada. Ndinatulutsa kapu ndi msomali, n'kutola mwala, n'kukhoma. Utoto woyera unathetheka, msomali n'kulowa mosavuta, ngati kapuyo inatopa kudikira. Ndinasesa masamba ndi manja n'kuiika chozondoka.

"Mayi, ndine. Kapu yanu iyi. Ndachedwa, koma si ine ndinatseka njira. Gonani tsopano, nanenso mundimasule."

Mawu ambiri omwe ndinakonza zaka zonsezo sanabwere. Ndinamva masamba akuphwanyika kumbuyo, n'kucheuka. Mayi wa imvi uja anaima chapatali, akundimwetulira mwaulemu, ngati munthu amene wapeza mnzake akupemphera. Ndinamugwedezera mutu n'kubwerera kukasenza chikwama chake. Iye anatsalira pang'ono, akujambula nkhadze.

Tinakwera mpaka kukamwa kwa phiri. Ena amati pansi pake pali dziwe lobiriwira lobwata, koma ine sindikukumbuka kuti ndinaliona. Chikwama chinkapepuka ngati mulibe kanthu. Potsika ndinawasiya alendo m'mbuyo, n'kukatula katundu pakanyumba ka mlonda dzuwa likadali m'mwamba.

Atsibweni anali pomwe ndinawasiya. Azimayi a mazira anali atawatungira madzi otentha m'beseni, sopo ali pamwala.

"Waika?"

"Ndaika."

"Chozondoka?"

"Chozondoka."

"Khala pansi."

Ndinakhala m'fumbi pakati pa mawondo awo ngati kamwana. Anayamba ndi sizasi ya Nangondo, yemwe anabwera nayo yekha, mwana wake wachitatu ali kumsana. Zingwe za tsitsi zinkagwa pamiyendo panga zolemera. Kenako anapaka sopo n'kutambasula lumo. Dzanja lija linkanjenjemera m'mwamba, koma likafika pakhungu linkakhazikika. Anayambira kukhutu lamanja. Ndinamva mphepo ikukhudza mutu wanga pamalo pomwe sinafikepo chiyambire ubwana, ndipo ndinalira, osabisa. Azimayi anasiya kuitanira malonda.

Lumo linali litafika pakati pa mutu pamene chipata chinatseguka. Alendo anatuluka, otopa, okondwa. Mayi wa imvi uja anayang'anayang'ana, n'kundiona, n'kubwera molunjika, Waisoni akumutsatira ngati wopita kukaweruzidwa. Anamasula kathumba ka m'chiuno kaja. Pakati pa mapepala a switi anatulutsamo kapu yoyera ya mzere wabuluu, n'kuipukuta ndi malaya ake, n'kundipatsa ndi manja awiri.

Sindinafune womasulira, koma Waisoni anamasulira, maso ali pansapato.

"Akuti munaiwala kapu yanu kumsitu kuja. Akuti ndi yobooka, koma anaona kuti mumaikonda."

Mayiyo anatiyang'ana tonse, kumwetulira kukuchepa, n'kufunsa Waisoni ngati walakwitsa kanthu. Ndinamuyang'ana Waisoni. Mawu ochepa okha akanakwana. Koma iye anamuuza mayiyo kuti ayi, akuthokoza kwambiri.

Mlonda anali atamva. Anatuluka m'kanyumba kake akuloza ndi ndodo.

"Ndiye ndiwe wotaya zinyalala m'paki? Nkhope yakoyo ndaisunga, ndi mutu wakowo sungasowe. Usadzanyamulenso chikwama muno."

Galimoto ya alendo inanyamuka, mayi uja akutibayibitsa pawindo. Fumbi litatsika ndinamva lumo likupindidwa kumbuyo kwanga.

"Atsibweni, malizani. Ndinaika ine. Mayi anga anaiona."

"Kapu ili kuti?"

"Ndinaika, ndikunena. Aliyense pano wamva."

"Ndafunsa kuti ili kuti."

Inali m'manja mwanga. Dzuwa linkadutsa pabowo lija n'kugwera pabondo langa.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero mofatsa, "ine sindinganamize akufa. Ndikakumana naye posachedwapa, ndikamuuza chiyani?"

Anandifumbatitsa lumo lija. Dzanja lawo linali litayambanso kunjenjemera, ndipo nthawi imeneyi silinasiye. Wa kabaza anawamangirira ndi chitenje chija n'kuwatenga. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe.

Ndikuyendabe, waya ali kumanzere, midzi ili kumanja. Mbali yomwe anameta sinamerenso tsitsi, mbali inayo ikukula. Ana sakuwanso kuti Rasi, amangothawa. Ometa a m'matauni amandiitana kuti bwerani tikumalizeni ulere, bambo, ine n'kumadutsa. Chilimwe chikafika ndimapita pachipata, ndipo pawindo pamakhala mlonda watsopano, wamng'ono kuposa wa chaka chatha. Amandifunsa kuti mukupita kuti, madala. Ndimamuonetsa kapu. Amaitembenuza, n'kusuzumira pabowo, n'kundilozera mgolo wa zinyalala womwe uli pambali pa chipata.